Tembenuzani sofa mukalibe kulipira

Ise amene timakwera minibasi m'mawa ndi madzulo tili ndi nzeru imodzi imene anzathu a magalimoto awoawo alibe: mpando woipa timaudziwa. Sitifunika munthu wotiuza. Mukangokhala kumbuyo kwa ka Hiace, anayi pa mzere umodzi, kondakitala akali kukuwa kuti "fendelani, malo aliko", thupi limakuuzani lokha kuti apa siponji inatha kale, catsala ni citsulo covala nsalu. Kunja basi ingawale bwanji, vesi ya m'Baibo ili pagalasi lakumbuyo, koma matako sanamizidwa.

Cimene cimandidabwitsa n'cakuti munthu mmodzimodziyo, tsiku limene cilimba camugwera kapena loni yatuluka, amaiwala zonse zimene thupi lake linaphunzira m'basi. Amapita kukagula seti ya masofa ndi maso cabe. Aona mtundu wa nsalu, aona mabatani onyezimira, atobwanyako ndi zala monga akusankha tomato pa Soweto, basi ayamba kukambirana mtengo. Papita miyezi yocepa, sofa yayamba kulira. Caka cikatha, pakati pagwa dzenje, ndipo apongozi akagogoda pakhomo mwana amathamangitsidwa kukaika pilo pansi pa kushoni. Uku loni ikali kudulidwa mwezi ndi mwezi.

Sofa ili ndi zinthu zinayi: mafupa ake a mapulanga, malamba kapena masipuling'i onyamula munthu, siponji, ndi nsalu. Pa zinayi izi, wogula amaona cimodzi cabe, comalizira. Kalipentala amadziwa zimenezi kuposa inu. Tinene kuti wachula K7,000 pa seti, inu mwalimbana naye mpaka wavomera K5,000, ndipo mucoka mukumwetulira kuti mwamugonjetsa. Manje dzifunseni kuti K2,000 ija icoka kuti. Nsalu sangasinthe, cifukwa munaisankha nokha ndipo mudzaiona. Maonekedwe sangasinthe, cifukwa cithunzi ca pa Facebook munamupatsa cili mu foni yake. Ndalama ija idzacoka mkati, kumene maso anu sadzafika: pulanga yoonda, siponji yochipa, malamba atatu pamene panafunika asanu ndi limodzi. Sindinena kuti osatsitsa mtengo, ndife a Lusaka. Ndinena kuti muzidziwa cimene mukutsitsa.

Anthu ambiri amaganiza kuti sofa ya mu shopu ya magalasi ni yolimba, ndipo ya m'mbali mwa msewu ni yabodza. Ine sindivomera. Zabwino ndi zoipa zili konsekonse. Ndipo kalipentala wa m'komboni ali ndi ubwino umodzi umene shopu ilibe: sofa mungaione ikali maliseche. Kwerani basi ya ku Mtendere, muyang'ane pawindo mukamadutsa Kalingalinga mu Alick Nkhata Road. Kutsogolo aika masofa omalizidwa, koma kumbuyo kwake kuli mafupa amene akali kukhomedwa. Cimodzimodzi ku Garden ndi ku Mandevu, kumene nchito ya manja ni yakale kwambiri. Dzina la komboniyo linacokera ku ndevu za azibambo a mpingo wa Apostoli amene anabwera kucoka ku Zimbabwe, anthu odziwika ndi ukalipentala ndi kukhoma zitini. Mukatsika, musaime kutsogolo. Perekani moni, ndiye munene kuti, "Ba mudala, nifuna nione yamene mukalibe kuvalika nyula." Mmisiri wodzidalira amakondwa ndi pempho limeneli, amakutsogolerani yekha. Amene ayamba kukuzungulitsani kuti "zonse ni cimodzimodzi, bosi" wakuuzani kale zimene munafuna kudziwa.

Mafupa ndiwo sofa yeniyeni. Nsalu ingasinthidwe, siponji ingasinthidwe, koma mafupa akathyoka mwatsala ndi nkhuni. Masofa ambiri a mu Lusaka amapangidwa ndi paini, imene yambiri imacokera ku minda ya mitengo ya ZAFFICO ku Copperbelt n'kufikira m'misika monga Buseko. Paini si mtengo woipa. Ni wopepuka, sutha ndalama, ndipo ukakhala wouma ndi wonenepa bwino umakhala zaka. Vuto ni paini yaiwisi. Pulanga imene yacekedwa posacedwa ikali ndi madzi mkati. Ikakhomedwa conco, imakaumira m'nyumba mwanu, imafota, imapindika, ndipo misomali imayamba kuseweramo. Kulira kuja kumene mumamva mukakhala, nthawi zambiri kumayambira apa. Igwireni ndi dzanja. Pulanga yaiwisi imazizira, imalemera kuposa mmene ionekera, nthawi zina imamata utomoni ku zala kapena ili ndi madontho akuda a nkhungu. Yang'ananinso mfundo. Mfundo yaikulu pakati pa pulanga yakutsogolo, imene inyamula anthu atatu, ndi pamene idzathyokera. Ndipo mukaona pulanga imene mbali imodzi ikali ndi khungwa, dziwani kuti ni zotsala za ku makina ocekera.

Mukwa, umene kwathu kum'mawa timati mlombwa, ni wolimba ndipo ciswe sicimaukonda, koma ni wodula. Conco mukamva wogulitsa akuti "iyi ni mukwa yonse", funsani kuti mukwa uli pati. Kawirikawiri uli pa miyendo ndi pa manja poonekera, mkati muli paini. Zimenezo si zolakwika, malinga mtengo wake ukhale wa paini. Cimene ine ndimakana ni chipboard pamalo onyamula munthu, kapena pafupi ndi pansi. Chipboard ni utuci womatidwa ndi guluu. Ikamwa madzi imatupa monga buledi woviikidwa mu tiyi, ndipo sibwereranso. Amene akhala ku Kanyama ndi malo ena kumene madzi amalowa m'nyumba nthawi ya mvula asayese n'komwe. Ngakhale kumene kulibe madzi osefukira, mopu ya m'mawa uliwonse ni yokwanira kuidya pang'onopang'ono. Sofa ikhale ndi miyendo yoikweza pansi, ndipo miyendoyo igwedezeni umodzi umodzi.

Ndiye onani polumikiza. Apa ndi pamene mmisiri amasiyana ndi wokhoma cabe. Mapulanga awiri akakumana pakona, pafunika guluu ndi masikuluu, kapena timitengo tolowetsa m'mabowo, ndipo mkati mwa kona mukhale kacidutswa ka pulanga kocirikiza mbali zonse ziwiri. Mukapeza misomali iwiri yokhomedwa mopingasa, kapena ma staple okhaokha, sofa imeneyo idzalimba malinga ngati siisunthidwa. Koma ise ambiri ndife a lendi. Alandilodi akakweza nyumba timakuka, ndipo sofa imakwezedwa pa Canter, imamangidwa ndi cingwe, pamwamba pake aikapo firiji, n'kudutsa m'misewu ya mabampu. Sofa ya ma staple simapirira kukuka kawiri.

Nanga ngati sofa ni yovala kale, monga za mu shopu? Pali njira imene ine ndimagwiritsa nchito kulikonse, ndipo sifuna cida. Gwirani kona imodzi yakutsogolo ya sofa yaitali ija ya anthu atatu, muinyamule pang'ono, monga utali wa cikhatho canu. Yang'anani mwendo wina wakutsogolo. Ngati mafupa ni olimba, nawonso umanyamuka. Ngati watsala pansi uku inu mwakweza mbali yanu, ndiye kuti sofa ikupotoka, ndipo cimene cikupotoka lero cidzamasuka mawa. Pambuyo pake gwirani dzanja la sofa mulikankhire kunja ndi mkati, lisagwedezeke. Tsamirani kumsana mwamphamvu. Gogodani m'mbali ndi kumbuyo: mukamva kulira kwa katoni, ni katoni. Katoni yocepa yopangira maonekedwe imapezeka m'masofa ambiri, koma pa dzanja la sofa, pamene ana amakwera ndipo amalume amakhalapo poonera bola, pafunika pulanga.

Ndiye itembenuzeni. Inde, m'shopu momwemo. Wogulitsa adzakwinya nkhope, koma ndalama ni zanu. Kunsi amatsekako ndi kansalu kakuda kopepuka, ena ndi saka ya unga. Yatsani toci ya foni muunike, kapena pemphani kuti amasule kona imodzi; kubwezera ni nchito ya mphindi imodzi. Mlongo wanga wa ku Chawama anagula seti yooneka bwino kwambiri ku shopu ina mu tauni, ya mtundu wa khofi, yonyezimira. Pamene anaitana munthu kuti aikonze patapita zaka ziwiri, ndinalipo. Atang'amba kunsi tinapeza mapulanga a mapaleti, ena akali ndi zidindo za katundu amene ananyamula, ndipo pansi pa sofa panali kaufa koyera kosonyeza kuti tuzilombo toboola mitengo tunalowamo kale. Kaufa kameneko, ndi tumabowo tung'onotung'ono monga twa singano, muzikayang'ana mukalibe kugula. Tuzilombo tumeneto situkhala mu sofa mokha, tumasamukira ku kabati ndi ku bedi.

Mukali kunsi komweko, onani cimene cinyamula munthu. Masofa ena ali ndi masipuling'i opindikapindika monga njoka, oyalidwa kucoka kutsogolo kupita kumbuyo. Akhale oyandikana, omangidwa pamodzi ndi waya kapena cingwe copingasa, ndipo mukakhala asalire. Ena ali ndi malamba otambasuka ogula m'shopu. Ambiri a m'komboni ali ndi malegeni, malamba odulidwa ku matayala ndi machubu akale. Musaseke malegeni. Lamba wa tayala wokokedwa bwino, wolukidwa mopingasa monga mphasa, amakhala nthawi yaitali kuposa lamba wa m'shopu wochipa. Cofunika ni kuculuka kwake ndi kukoka kwake. Ngati pakati pa malamba pangalowe nkhonya yanu momasuka, siponji idzayamba kulowa m'mipata imeneyo ndipo dzenje layamba. Kanikizani ndi cikhatho: lamba abwerere mwamphamvu, osati kulendewera monga cingwe coyanikapo zovala. Ndipo pali ena amene saika ciliconse, angokhoma pulanga yafulati n'kuikapo siponji. Imeneyo ni benci yovala suti. Mpando wa kumbuyo kwa Hiace mwaubweretsa m'nyumba.

Pa siponji ndi pamene anthu ambiri amagwera, cifukwa siponji yatsopano iliyonse imamveka bwino tsiku loyamba. Pali zinthu ziwiri zimene timasokoneza: kuuma ndi kulemera. Wogulitsa adzamenya kushoni ndi nkhonya n'kunena kuti "onani mwamene yakosela, iyi ni high density". Kukosa si density. Siponji yochipa ingakhale youma gwa lero, koma mkati mwake ni mphepo yambiri, ndipo tumabowo twake tukaphwanyika situdzukanso. Density ni kulemera: makilo amene cidutswa ca mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba cingalemere. Pokhalira pamafunika siponji ya 28 kupita m'mwamba. Ya 16 kapena 18 ni ya kumsana ndi m'mbali, kumene sikunyamula thupi lonse. Conco funsani nambala, osati dzina. Mtundu wa siponji, kaya ni yabuluu, yapinki kapena yoyera, usakunamizeni; fakitale iliyonse ili ndi mitundu yake.

Popeza nambala silembedwa pa kushoni, manja ndi thupi zigwire nchito. Tsegulani zipi. Kushoni yopanda zipi ine imandikayikitsa, cifukwa simungaone mkati ndipo simungacape nsalu yake. Tulutsani siponji muinyamule. Yabwino imalemera m'manja. Yang'anani m'mbali ngati ni cidutswa cimodzi. Pali macenjera oika kasiponji kabwino koonda pamwamba, pansi pake zidutswa, nsanza, ngakhale matiresi akale odulidwa. Nunkhizani, mphuno imadziwa matiresi amene munthu anagonapo. Siponji ija ya zidutswa za mitundumitundu zomatidwa pamodzi ku fakitale ni nkhani ina: ni yolimba ndipo imathandiza ikakhala pansi, yofewa pamwamba. Finyani pakati pa zikhatho ziwiri mwamphamvu. Ngati zikhatho zikumana mosavuta, matako anu adzakumana ndi pulanga. Kushoni yokhalira isacepere masentimita 10 kunenepa kwake.

Ndiye khalani. Osati kukhala kwa mlendo wamanyazi, kunsonga, cikwama pa miyendo. Khalani mmene mumakhalira kwanu mukaweruka, thupi lonse, kwa mphindi zisanu kapena khumi. Khalani pakati, khalani kumapeto. Ngati mwabwera ndi amuna anu kapena akazi anu, khalani nonse, muone ngati mukugubudukira pamodzi pakati. Mapazi afike pansi, msana utsamire popanda kufuna pilo. Masofa akuluakulu amene ali m'fashoni manje, ozama monga bedi, amaoneka bwino pa cithunzi, koma ganizirani ambuya akabwera kucoka kumudzi: adzanyamuka bwanji popanda kukokedwa? Mukaimirira, ceukani muone kushoni. Yabwino imadzuka nthawi yomweyo. Imene yasunga cithunzi ca pamene munakhala, isiyeni.

Kamodzi ndikambeko za moto, popeza malaiti amapita ndipo makandulo ndi mbaula zili m'nyumba zathu. Siponji imayaka msanga, ndipo utsi wake ni wakupha. Kandulo pa dzanja la sofa, ayi.

Nsalu ndaiika kumapeto dala, cifukwa ndiyo imene simufunika kukumbutsidwa kuiona. Koma kuona mtundu si kuona nsalu. Pemphani kacidutswa kotsala, mukayang'anitse ku dzuwa. Ngati kuwala kudutsa monga pa keteni, ni nsalu ya keteni, ndipo pa mpando sidzakhalitsa. Ikokeni mbali zonse. Ipukuteni ndi kansalu koyera konyowa muone ngati isuluka, kuti tsiku lina isadzadinde diresi la mlendo. Pa msoko, kokani mbali ziwiri ndi zala: ngati mabowo a singano akula ndipo ulusi uonekera, pamenepo ndi pamene idzang'ambikira. Ngati nsalu ili ndi mizere kapena maluwa, onani ngati zikumana bwino pa misoko. Mmisiri amene wasamala pa zimenezi nthawi zambiri wasamalanso mkati.

Mawu akuti "leather" mu Lusaka amanyamula zinthu zambiri. Cikumba ceniceni ni codula, kumbuyo kwake kuli ubweya wofewa wa cikumba, ndipo cimabwera m'zidutswa zosapitirira kukula kwa ng'ombe. Zambiri zimene timagula ni pulasitiki yomatidwa pa nsalu. Tembenuzani kacidutswa, mudzaona ulusi kumbuyo. Ija ya mlongo wanga inali yotere. Kutentha kwa Okutobala kuwiri, thukuta, ndi mafuta a m'tsitsi pamene mitu imatsamira, inayamba kusupuka monga njoka yofundula, ndipo alendo anali kucoka ndi tuzidutswa twakuda kumbuyo kwa malaya. Ikayamba kusupuka palibe mankhwala, koma kuvala ina. Ngati m'nyumba muli ana ndipo ndalama ni zocepa, nsalu yolukidwa yolimba ya mtundu wosaonetsa dothi imaposa leather yabodza. Velvet yoyera ni yokongola mu shopu. Mphepo ya Ogasiti ikabweretsa fumbi la Lusaka, mudzaiphimba ndi citenje, ndipo kukongola kumene munalipira simudzakuonanso. Kumbukiraninso kuti sofa imene yakhala miyezi m'mbali mwa msewu yamwa dzuwa ndi fumbi. Yerekezani mtundu wa pamwamba ndi wa pansi pa kushoni.

Za masofa ogwirapo kale nchito, amene amagulitsidwa pa Facebook ndi anthu amene akuti akukuka: nthawi zina mumapeza mafupa abwino kwambiri pa mtengo wocepa, n'kungosintha siponji ndi nsalu. Koma unikani m'misoko ndi m'makona ndi toci. Tumadontho twakuda monga twa inki ni cizindikiro ca nsikidzi, ndipo nsikidzi zikalowa m'nyumba, ndalama imene munapulumutsa idzathera ku mankhwala.

Ngati mwasankha kupangitsa, njira imene ine ndimaikhulupirira ni kulipira m'zigawo. Dipoziti ya mapulanga coyamba. Mafupa akatha, mubwere muone, muwanyamule, muwagwedeze, mujambule ndi foni. Siponji, ngati mungathe, pitani naye limodzi kukagula, kapena mugule nokha mumubweretsere. Nsalu yambiri imapezeka ku Kamwala. Ndalama yomaliza ituluke sofa itatha ndipo mwakhalapo. Zimadya nthawi ndi ndalama ya basi maulendo atatu, n'zoona. Koma kalipentala amene adziwa kuti mudzabwera kudzaona mafupa amasankha mapulanga mosiyana. Ndipo kambani naye mwaulemu. "Atate, ndalama yanga ni iyi, niuzeni cilungamo, ingakwanitse siponji ya bwanji?" Funso lotere limabweretsa yankho loona kuposa kumuopseza kuti kwa mnzake n'kochipa. Ngati ndalama sifika pa seti yonse ya anthu asanu ndi mmodzi, pangitsani sofa imodzi yabwino ya anthu atatu, ina idzabwera cilimba cikazungulira.

Lisiti musaisiye, kaya ni mu shopu kaya ni pansi pa mtengo. Ilembedwe tsiku, mtengo, mtundu wa mapulanga, nambala ya siponji, ndi miyezi imene walonjeza kukonza kwaulere cinthu cikawonongeka. Lamulo la 2010 loteteza ogula, limene bungwe la CCPC limayang'anira, limaletsa masitolo kupacika zikwangwani zakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo limati wogulitsa katundu wowonongeka abweze ndalama kapena asinthe katunduyo. Koma popanda pepala, mlandu wanu udzakhala mawu anu ndi mawu ake. Ogula pa ngongole ya mwezi ndi mwezi, musafunse cabe kuti pa mwezi ni zingati. Funsani kuti miyezi yonse pamodzi ni zingati, ndiye muyerekeze ndi mtengo wa kashi.

Mukalibe kucoka panyumba, pimani khomo. Ngati mulibe tepi, tengani cingwe mumange mfundo pa m'lifupi mwa citseko, ina pa utali wa khoma limene sofa idzatsamira, muike m'cikwama. Nyumba zambiri za lendi zili ndi makomo ang'ono ndi kakhonde kokhota, ndipo ndaonapo sofa yatsopano itagona panja usiku wonse uku eni ake akufunafuna munthu wocotsa felemu ya citseko. Funsani ngati miyendo imamasuka. Mtengo wa Canter mugwirizane sofa isanakwezedwe, pamodzi ndi anyamata onyamula, ndipo pamene cingwe cidzadutsa aikepo katoni kuti cisadule nsalu. Ngati ni Disembala, funsani dalaivala ngati ali ndi tenti.